MARIA ADAKHALAKO MIYEZI ITATU

Pa 26 July Eklezia Woyera akumbukira Yoakimu ndi Anna Oyera, makolo a Maria Virgo, ndiye kuti agogo ake a kuchikazi a Ambuye Yesu. Maina aowa sapezeka m'Mthenga Wabwino. Adachokera m'kabuku kena ka Akristu a zaka za m'ma 100, ndipo Eklezia adawasunga mokondwa, pakuti palibe mwana wopanda agogo, ngakhale Mwana wa Mulungu amene. Mu 2021 Papa Francis adalamula kuti Lamulungu lachinai la July, loyandikana ndi chikondwerero chimenechi, likhale tsiku la agogo ndi la okalamba onse, ndipo lidasungidwa koyamba pa 25 July chaka chomwecho. M'dziko muno tsikuli lifika pa nthawi yake ndithu. Uno ndi mwezi wa chisanu, pamene chiperoni chilowa m'ming'alu ya nyumba zosamata, ndipo wokalamba wopanda womtolera nkhuni achezera usiku wonse atadzipinda pa mphasa, kudikira dzuwa.

Lamulo lachinai la Mulungu alidziwa ndi mwana yemwe wokonzekera Ukaristia woyamba, ndipo alinena pamtima osaphonya liu. Koma pali cholakwa chimene chidalowa pang'onopang'ono m'kaphunzitsidwe kake. Ambiri aliyesa lamulo la ana aang'ono okha, lakuti asachite mwano, akatumidwa apite, akadzudzulidwa akhale chete. Zimenezo nzoona, koma si zokhazo ai. Pa phiri la Sinai Mose sadasonkhanitse ana a sukulu. Amene adalandira Malamulo anali amuna ndi akazi a mabanja ao, okhala ndi makolo a imvi amene miyendo yao inkalephera ulendo wa m'chipululu. Mwana wa zaka 7 kulemekeza atate ake sikumvuta, pakuti ndiwo amdyetsa, ndiwonso agwira mkwapulo. Lamuloli liyamba kulemera pamene zinthu zatembenuka: mwana ndiye ali ndi ndalama, ndi nzeru za sukulu, ndi mphamvu, pamene atate ake alibenso chompatsa, ngakhale chomuopsa nacho.

Thomas Aquinas Woyera aphunzitsa kuti pambuyo pa Mulungu munthu ali ndi ngongole yaikulu koposa kwa makolo ake ndi kwa dziko lake, chifukwa ndiwo adampatsa moyo namlera. Tsono ngati ili ngongole, ibwezedwa ndi chiani? Ambiri masiku ano ayankha kuti ndi ndalama. Mthenga Wabwino uli ndi yankho lina, ndipo lipezeka pa chiyambi penipeni pa mbiri ya chipulumutso.

Luka Woyera asimba m'mutu woyamba kuti Maria, atangolandira mau a mngelo, adanyamuka mofulumira kupita ku dziko la mapiri la Yudeya, kwa mbale wake Elizabeti. Kuchokera ku Nazarete ulendowo uposa makilomita 100, ulendo wa masiku angapo pansi. Ndi bwino kuganiza za nyumba imene ankapitako. Munali anthu awiri okalamba. Mkazi anali ndi pathupi pa miyezi 6, pathupi poyamba pa msinkhu umene anzake adali kulera zidzukulu; mwamuna, Zakariya, anali atasanduka wosalankhula. Sinali nyumba yokopa mtsikana ai. Ndipo Maria anali ndi zake zomdetsa nkhawa: chinsinsi chimene adanyamula, ndi Yosefe amene ankamuyembekeza ku Galileya. Akadatha kutumiza moni ndi kamphatso kudzera mwa anthu a pa ulendo, palibe akadamdzudzula.

Akristu onse adziwa za malonje a akazi awiriwa, za mwana amene adatakataka m'mimba, ndi za nyimbo yotamanda Mulungu imene Eklezia aimba madzulo ali onse. Nyimbo imeneyo idamveka koyamba pa khomo la mai wokalamba. Koma mau ochepa amene atsiriza nkhaniyi ambiri awalumpha, akuti Maria adakhala komweko pafupifupi miyezi itatu. Luka sadalembe zimene adachita m'miyezi imeneyo, ndipo sikudafunike kutero, pakuti mai ali yense wa m'mudzi azidziwa: kutunga madzi, kupera ufa, kusonkha moto, kuchapa, ndi madzulo kukhala pansi kumvera Elizabeti akusimba za zaka zambiri zimene anthu adamnyoza kuti ndi wosabala. Kristu amene adakhala m'nyumba ya okalamba miyezi itatu asanabadwe, asanalalike, asanachiritse munthu ndi mmodzi yemwe.

Ndalama za pa foni

Palibe wonyoza mwana amene atumizira makolo ake ndalama. Paulo Woyera, polembera Timoteo, aweruza mwaukali Mkristu wosasamala a pa banja pake, namuika pansi pa munthu wosakhulupirira. Mnyamata amene avutika ku Johannesburg kapena mtsikana wa ntchito ku Lilongwe, amene pa kutha kwa mwezi adzimana kuti amai ake agule feteleza ndi mankhwala, achita bwino, ndipo Mulungu aona. Kale ndalama zotere zinkabwera ndi amuna obwerera ku migodi ya Wenela kapena pa positi. Lero zifika pa foni m'kamphindi. Koma kufulumira kumeneku kwabala chinyengo chake. Foni ikalira kuti ndalama zapita, mtima wa wotumiza ukhala pansi, nati: "Ndakwaniritsa." Chaka chitha, china chitha, osaponda kumudzi. Agogo ali ndi malata pa denga, koma alibe wowafunsa m'mene adzukira.

Ambuye Yesu adadzudzula Afarisi chifukwa cha mwambo wa Korbani, umene munthu ankati chuma chake wachipereka kwa Mulungu kuti asathandize nacho makolo ake. Marko Woyera asimba zimenezi m'mutu 7. Anthu aja adabisala m'chipembedzo kuti amane makolo chuma. A lero abisala m'chuma kuti amane makolo nthawi. Ndipo alipo ena amene abisala m'chipembedzo monga Afarisi omwe aja: Loweruka ali ku kwaya, Lamulungu ku msonkhano wa bungwe, mkati mwa mlungu ku mapemphero a kutali, pamene apongozi ao okalamba ali kuseri kwa nyumba yomweyo, akudya okha m'kambale kao.

Nanga amene ali kutali ndithu, osatha kubwera? Ameneyo aimbe foni, koma aimbe ngati munthu wodzacheza, osati ngati kalaliki wofunsa ngati katundu wafika. Alonjere bwino, afunse za munda, za mwendo uja unkawawa, za amene adamwalira m'mudzi, ndipo alole wokalambayo atsirize mau ake. Koma amene akhala mudzi umodzi, kapena ulendo wa minibasi imodzi, alibe podzikanira.

Makolo a dziko lino adadziwa kuti kuona munthu ndi kucheza naye nzosiyana. Mlendo sanena za ulendo wake ali chiimire. Ampatsa mpando kapena mphasa, amlonjera mmodzimmodzi, ndipo nkhani ibwera pambuyo pake. Lero pali kuyendera kwa mtundu wina: galimoto iima pa bwalo injini ili kulira, shuga ndi sopo atsitsa, ajambulana chithunzi, napita fumbi lili kobo. Adzukulu amene adabwera nao sadachotse maso pa foni. Agogo atsala ndi shuga, ndi nkhani zonse zimene adasungira tsikulo.

Inde, nkhani za okalamba zibwerezabwereza. Agogo a zaka 85 adzasimbanso za njala ya 1949, m'mene ankakumba mizu ya kuthengo ali ana. Adzasimba za chitaganya cha 1953, za ansembe akale amene ankafika pa njinga kukachita Misa pansi pa mtengo, za malire a munda amene adalozedwa ndi malume ao. Wachinyamata ati: "Izi ndidamva kale." Koma tsiku la mlandu wa malo, kapena pofuna kudziwa ngati mkwati ndi mkwatibwi sali pa chibale, onse athamangira kwa agogo omwewo. Chikumbutsa nkhwangwa ndi chisanu. Mfumu Rehobowamu, mwana wa Solomoni, adafunsa nzeru kwa akuluakulu amene adatumikira atate ake, namva uphungu wao wakuti apeputse goli la anthu. Koma adatsata mau a anyamata anzake, ndipo mafuko 10 adamchokera. Ameneyo adafunsako. Ambiri lero safunsa nkomwe.

Wosayenderedwa ndiye atchedwa mfiti

Pano nkhaniyi ileka kukhala ya ulemu wokha, isanduka ya moyo ndi imfa. Mu January 2016, m'boma la Neno, mphenzi idapha mtsikana wa zaka 17. Anthu a m'mudzi adati imfayo ili ndi mwini, ndipo adapha okalamba anai. Dziko lonse lidachita nthumanzi, koma milandu ya mtundu umenewu sidathere pomwepo. Lamulo la boma la 1911 lidaika kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Malamulo amenewa ngabwino. Koma wapolisi afika nyumba itapsa kale.

Kodi chala chiloza yani? Sichiloza agogo amene pa khonde pao pakhala adzukulu madzulo ali onse, amene ana ao abwera kudzawalimira, amene a Legio ya Maria anena nao Korona. Chiloza mai wamasiye wa ku mapeto a mudzi, wa maso ofiira ndi utsi, wolankhula yekha chifukwa alibe wolankhula naye, wokwiya chifukwa ali ndi njala. Anthu ayamba ndi kumsiya yekha, kenaka amuopa chifukwa ali yekha, potsiriza amuda chifukwa amuopa. Amene adaponya mwala woyamba adachimwira lamulo lachisanu, amene adayambitsa mphekesera adachimwira lachisanu ndi chitatu. Koma njira ya onsewo idalambulidwa ndi achibale amene adachimwira lachinai pa zaka zambiri, mwakachetechete, osaulula m'kulapa ndi kamodzi komwe.

Akatekisti ayenera kudziwa chinthu china bwino lomwe, kuti akaphunzitse anthu. Pali matenda a ubongo amene agwira ena mwa okalamba. Madotolo awatcha dementia, ndipo mtundu wake wofala udziwika ndi dzina la Alois Alzheimer, dotolo wa ku Germany amene adaufotokoza mu 1906. M'matendawa timagawo tating'ono ta ubongo tifa pang'onopang'ono, kuyambira mbali imene isunga zinthu zatsopano. Nchifukwa chake wodwalayo akumbukira dzina la mphunzitsi wake wa ubwana, koma aiwala kuti wadya kumene, nanena kuti mpongozi wammana nsima. Aiwala pamene adaika ndalama, nati amubera. Dzuwa likapendeka chisokonezo chikula. Atuluka usiku kufuna mudzi umene adabadwira, nasokera, napezeka m'mamawa pa khomo la eni, mwina wosavala bwino. Anthu afuula kuti mfiti yagwa pa ulendo wake wa usiku. Amzinga, amfunsa mokalipa, ndipo iye, wosadziwa kumene ali ngakhale amene amfunsa, avomera zonse. Kuvomera kotero si umboni ai. Ndi chizindikiro cha matenda. Mankhwala ochiritsiratu sadapezeke, koma wodwalayo apite naye ku chipatala, pakuti nthawi zina chisokonezo chibwera ndi matenda ena ochizika, ndipo pa nyumba afunika nkhope zozolowera, mau ofatsa ndi womuyang'anira usiku.

Mphunzitsi Sira, amene adalemba zaka pafupifupi 200 Kristu asanabadwe, adaona kale zimenezi. M'mutu 3 alangiza mwana kuti asamale atate ake pa ukalamba wao, awapirire ngakhale nzeru zao zitayamba kutha, ndipo asawanyoze chifukwa iye ali pa mphamvu. Myuda wakaleyo, wopanda chipatala ndi mabuku a madotolo, adadziwa kuti kutha nzeru kwa wokalamba ndi chifukwa chomchitira chifundo. Nchamanyazi kuti anthu obatizidwa achiyese chifukwa chomtenthera nyumba.

Manyaziwo akula munthu akakumbukira kuti okalamba a lerowa ndani. Edzi idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Pakati pa zaka zimenezi midzi idadzala ndi manda a anthu a msinkhu wobala. Amene adatola ana amasiye anali agogo akazi. Pa msinkhu woyenera kupumula adabwerera ku khasu, naberekanso ana kumsana, nagulitsa nkhuku kuti agule makope. Ana aja lero ndi aphunzitsi, oyendetsa magalimoto, anamwino, ena akatekisti. Ndipo ena mwa agogo omwewo ndiwo anong'onezedwa kuti adadya ana ao.

Wina adzati: "Zonsezi nzabwino, koma agogo athu ngovuta. Atukwana, aledzera, akondera ana ena, ndipo pa unyamata wao sadasamale banja." Zimenezi zichitika ndithu, ndipo imvi sizisandutsa munthu woyera. Lamulo lachinai silikakamiza kumvera wokalamba akalamula choipa. Akati mwana wodwala apite naye kwa woombeza ula, Mkristu akane. Akati mkazi wosabala achotsedwe, akane. Koma akane atakhala pansi, ndi mau aulemu, monga Paulo adalangizira Timoteo kuti munthu wachikulire asamkalipire koma amdandaulire ngati atate ake. Mulungu sadaike m'lamuloli mau akuti makolo abwino okha. Akale adanena zomwezo m'njira yao: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo kawirikawiri kholo limene lidalakwa ndilo lifunitsitsa mlendo, pakuti lili ndi mau opepesa amene silingawanene kwa munthu wofulumira.

Pa oyera a Eklezia pali mmodzi amene adayenda njira zonse ziwiri, ya wosamala ndi ya woiwalika. Jeanne Jugan adabadwa mu 1792 ku France, mwana wa msodzi, nakhala wantchito wa m'nyumba za anthu. M'nyengo ya chisanu ya 1839, m'mudzi wa Saint-Servan, adapeza mai wina wokalamba, wakhungu ndi wopuwala, wopanda womsamala. Adamnyamula kupita naye ku kachipinda kake, namgoneka pa bedi lake, iye nakagona m'mwamba pansi pa denga. Posachedwa adabwera wachiwiri, wachitatu, ndipo Jeanne adayamba kuyenda ndi dengu kupemphera chakudya okalamba ake. Ndimo mudayambira chipani cha asisteri chimene chisamala okalamba osauka m'maiko ambiri. Koma mu 1843 adamchotsa pa utsogoleri, ndipo kuyambira 1852 adamsunga ku nyumba yaikulu ya chipani wopanda udindo uli wonse. Adakhala choncho zaka 27 pakati pa atsikana ophunzira usisteri, ambiri a iwo osadziwa kuti gogo amene ankakhala naoyo ndiye adayambitsa zonse. Adamwalira mu 1879 ali ndi zaka 86, ndipo Papa Benedict XVI adamlemba m'gulu la oyera mu 2009. Ngati zotere zidachitika m'nyumba ya anthu odzipereka kwa Mulungu, mphakati uli wonse udzifunse kuti amene adaumba njerwa za tchalitchi chake ali kuti lero.

Ntchito ya akatekisti

Wokalamba akaleka kuoneka ku tchalitchi, kawirikawiri si chikhulupiriro chimene chatha koma mawondo. Choncho katekisti asafulumire kumlemba pa gulu la ofooka. Ndipo ngoipa mwambo wakuti akulu a mpingo afike pa khomo la wokalamba kamodzi pa chaka, pofunsa za mtulo, kenaka adzabwerenso tsiku la maliro. Pa maliro anthu saumira nthawi: agona pa siwa usiku uwiri, aimba mpaka kucha, agula bokosi lodula, aphika mpunga umene malemuyo sadaulawe pa zaka zambiri. Kuika akufa ndi ntchito ya chifundo, palibe wokana. Koma usiku uwiri umenewo, ukadagawidwa m'maola nuperekedwa munthuyo ali moyo, ukadakwanira kumchezera kamodzi pa mlungu kwa miyezi ingapo.

Ambiri aopabe sakramenti la Kudzoza, aliyesa chizindikiro chakuti munthu watsirizika, motero aitana wansembe mochedwa, wodwala atatseka kale pakamwa. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican udakonza maganizo amenewa, ndipo mwambo umene Papa Paul VI adavomereza mu 1972 ulola kudzoza okalamba amene mphamvu zao zachepa kwambiri, ngakhale alibe matenda oopsa oonekera. Wokalamba ali nao ufulu wolapa, wolandira Ukaristia ndi wodzozedwa nzeru zake zikali bwino, akutha kuyankha yekha mapemphero.

Tsono Lamulungu lachinai la July lisanafike, katekisti ali yense alembe maina a okalamba onse a m'midzi yake amene sathanso kufika ku tchalitchi, osasiya amene sali Akatolika, pakuti chisanu sichifunsa mpingo. Maina a ofuna masakramenti awapereke kwa Bambo Mfumu, kuti akonze ulendo wao. Pa tsikulo, itatha Misa kapena mapemphero, Akristu asapite chigulu, kuimba nyimbo ziwiri pa bwalo ndi kubalalika. Apite awiriawiri kapena atatu, atatenga mtolo wa nkhuni, mchere ndi mwana mmodzi wa m'kalasi, ndipo akhale kufikira dzuwa litapendeka. Asananyamuke apangane tsiku lodzabweranso ndi dzina la wodzabwerayo. Ayang'anenso m'nkhokwe, pa mphasa ndi pa denga. Ngati udzu wavunda, anyamata a mphakati akamwete wina tsopano, usanapse ndi moto wa lupsa, kuti nyumbayo ifoleredwe mvula ya November isanagwe.